Kiyibodi yakale ija musathamangire kuitaya

Ku tchalitchi komwe ndinkapemphera ndili mnyamata kuli kachipinda kuseri komwe amaponyamo mabenchi othyoka, ng'oma zong'ambika zikopa ndi mabuku a nyimbo opanda zikuto. Chaka chatha nditapitako ku ukwati wa m'bale wanga ndinasuzumiramo, nde pakona paja ndinaona kiyibodi ya Yamaha itatsamira khoma, ataifunda chitenje chakale, makiyi atachita chikasu, awiri atamira osadzukanso. Nditaitembenuza munatuluka mphemvu. Kiyibodi imeneyo ndi yomwe inkatsogolera kwaya zaka zonse zimene ine ndimakula, maukwati angati, maliro angati, Khirisimasi zingati, koma nditafunsa anangondiyankha kuti inafa ija, tinagula ina. Mtima unandiwawa zedi, chifukwa kumaiko ena kuli anthu omwe moyo wawo wonse anaupereka posunga zida ngati zimenezi, amazikonza, amazilembera mbiri, mpaka kumanga nyumba zozisungiramo. Ambiri kuno amaona ngati ndi misala ya anthu okhuta, koma ukamvetsa mmene zidazi zimagwirira ntchito ndi mmene zimafera umayamba kuwamvetsa anthuwo.

Kwathu kuno chilichonse chokhala ndi makiyi oyera ndi akuda timangoti kiyibodi, ena amati piyano, agogo amati limba kapena ogani. Koma mkatimo sizofanana ayi. Piyano yeniyeni ili ndi nsambo, ukadina kiyi kanyundo kamamenya nsambo ija. Sinthesaiza ilibe nsambo, ilibe mphepo, mawu imawapanga kuchokera ku magetsi basi. Muli kachigawo kotchedwa osileta kamene kamanjenjemeretsa magetsi, akanjenjemera ka 440 pa sekondi imodzi sipika imatulutsa noti ya A ija oimba amachunira zida zawo. Mawu a osileta paokha ndi okakala, ngati njuchi yatsekeredwa mu chitini. Nde amawadutsitsa mu fyuluta, yomwe imagwira ntchito ngati sefa ya ufa, kutsakula kuti zakuthwa zidutse kapena kutseka kuti kutsale mawu onenepa a pansi. Kenako pali china chimalamula kuti noti iyambe bwanji ndipo ithe bwanji, kaya iphulike nthawi imodzi ngati ng'oma kaya ibwere pang'onopang'ono ngati kwaya ikuyamba kung'ung'udza. Zitatu zimenezi ukazisakaniza mosiyanasiyana umapeza bezi, chitoliro, mphepo, ngakhale mawu oti palibe chida china padziko chimawatulutsa.

Munthu yemwe dzina lake limabwera koyamba pa nkhaniyi ndi Robert Moog wa ku America, anabadwa mu 1934 n'kumwalira mu 2005. Anayamba ndi kupanga ma theremin, chida chija chimaimbidwa osachikhudza, umangoyendetsa manja m'mwamba, chomwe anachipanga Leon Theremin ku Russia cha m'ma 1920. Mu 1964 Moog anaonetsa sinthesaiza yake yoyamba, ndipo zomwe ankagulitsa zaka zotsatira zinali zimakina zazikulu ngati kabati ya mbale, zigawo zake umazilumikiza wekha ndi mawaya kutsogolo. Zinali za ma yunivesite ndi masitudiyo olemera. Nthawi yomweyo ku California kunali Don Buchla akupanga zake, iye sankafuna n'komwe makiyi a piyano, ankati chida chatsopano chisamangidwe ndi malamulo a chida chakale. Njira ya Moog ndi imene inafika kwa anthu ambiri chifukwa woimba aliyense akaona makiyi amadziwa poyambira. Mu 1970 anatulutsa Minimoog, yaing'ono yoti n'kunyamula kupita nayo ku dansi, ya makiyi 44, ma osileta atatu, bokosi lake lamatabwa. Imaimba noti imodzi yokha pa nthawi, manoti angapo pamodzi sungagwire, koma bezi yake mpaka lero anthu amaiyamikira. Anapanga pafupifupi 12,000 kufikira 1981.

Zida za nthawi imeneyo ndi zomwe amati za analogi, kutanthauza kuti mawu amachokera m'magetsi enieni oyenda m'ma tiranzisita ndi ma kapasita, mulibe kompyuta yowerengera manambala. Apa ndi pomwe pagona chikondi chonse cha anthu osunga zakalewa. Chida cha analogi chimasintha ndi nyengo, kukatentha chuni chimasuntha pang'ono, ukangoyatsa uyenera kudikira kaye kuti chitenthe ngati galimoto yakale m'mawa wa mu June. Ma osileta atatu aja sagwirizana ndendende, amasemphana pang'ono pang'ono, ndipo kusemphana kumeneko ndi komwe kumanenepetsa mawu, monga mmene kwaya ya anthu makumi awiri imamvekera mokoma kusiyana ndi munthu mmodzi atajambulidwa kamakumi awiri. Ma Minimoog awiri opangidwa chaka chimodzi samveka chimodzimodzi, makamaka pano atakalamba mosiyana. Nde chimodzi chikafa n'kutayidwa, pali kamvekedwe kena kamene kachoka padziko.

Vuto la zida zoyambazo linali loti ukapeza sawundi yabwino, sungaisunge. Umayenera kujambula pa pepala pomwe kanobu kalikonse kaloza, mawa n'kuyambiranso. Amene anathetsa izi ndi Dave Smith wa kampani ya Sequential Circuits ku California, ndi Prophet-5 ya mu 1978, yomwe inali ndi kakompyuta kakang'ono mkati kokumbukira masawundi 40 komanso imaimba manoti asanu pa kamodzi. Smith yemweyo pamodzi ndi Ikutaro Kakehashi, mwini wake wa Roland ku Japan, ndi amene anakankha nkhani ya MIDI, kuti zida za makampani osiyana zizitha kulankhulana pa waya umodzi. Mu January 1983 analumikiza kiyibodi ya Sequential ndi ya Roland pamaso pa anthu, ukadina iyi inayo n'kumalira. Aliyense amene ali ndi kasitudiyo ku Ndirande kapena ku Area 25 n'kumalumikiza kiyibodi ku laputopu akugwiritsa ntchito chinenero chomwecho cha mu 1983, ndipo kiyibodi ya zaka makumi anayi ikhoza kulamulidwa ndi kompyuta yogula dzulo. Awiriwa anapatsidwa Grammy ya zaluso mu 2013, Kakehashi anamwalira mu 2017, Smith mu 2022.

Chaka chomwecho cha 1983 kunabwera chida chimene makutu athu kuno amachidziwa ngakhale dzina lake ambiri sanalimvepo, Yamaha DX7. Imeneyi sinali ya analogi, inali ya dijito, ndipo nzeru zake zinachokera kwa John Chowning wa ku yunivesite ya Stanford, yemwe mu 1967 anatulukira kuti ukatenga funde limodzi la mawu n'kuligwedeza mothamanga kwambiri ndi funde lina, pamatuluka kamvekedwe konga belu, chitsulo, mangolongondo. Njirayi amaitcha FM. Makampani a ku America sanaione phindu, Yamaha ndi yomwe inagula chilolezo n'kuikonza kwa zaka pafupifupi khumi. DX7 itatuluka, ya makiyi 61, yoimba manoti 16 pa kamodzi, yosasuntha chuni, pa mtengo wa madola osakwana 2,000 pomwe Prophet-5 inali pafupifupi kawiri kake, inagulidwa kuposa 200,000. Kupanga sawundi yako pa DX7 kunali kovuta koopsa, mabatani ake ophwatalala ndi kasikilini kakang'ono, nde oimba ambiri ankangogwiritsa ntchito masawundi 32 omwe inabwera nawo, n'chifukwa chake kapiyano kamagetsi kolira ngati mabelu kaja kamamveka m'nyimbo zachikondi zambirimbiri za m'ma 1980. Ku South Africa masitudiyo a ku Johannesburg anaikonda kwambiri m'nyimbo za bubblegum za nthawi ya a Brenda Fassie ndi a Yvonne Chaka Chaka, zomwe ife tinkazimva pa wayilesi komanso pa makaseti obwera ndi anthu ochokera ku Joni. Ndipo musaone ngati FM inatha, log drum, bezi yogunda ngati ng'oma ija ya amapiano, yomwe ikugwedeza mabala onse pano ambiri amaitenga mu FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo pa kompyuta, pa kapulogalamu kotchedwa DX10, kamene kamagwiritsa ntchito njira yomwe ija ya Chowning.

Kenako Korg M1 mu 1988, imeneyo inasunga timawu tojambulidwa ta zida zenizeni mkati mwake, piyano, ogani, ng'oma, kuphatikiza pojambulira nyimbo yonse momwemo. Bezi ya ogani ya M1 inalowa mu house ndi kwaito mpaka kukhazikika.

Koma nkhani imene ine imandikhudza kwambiri ndi ya kakiyibodi kotchipa. Mu 1981 Casio inatulutsa Casiotone MT-40, kachida ka pabanja, timakiyi tating'ono, kongoseweretsa ana pabalaza. Mwa zigunda zomwe zinali kale mkatimo munali chimodzi cholembedwa kuti rock, ndipo anachikonza ndi mtsikana wa ku Japan, Okuda Hiroko, yemwe anali atangoyamba kumene ntchito ku Casio ndipo ankakonda rege kwambiri moti anailembapo pa maphunziro ake. Kachidaka kanakafika ku Kingston ku Jamaica m'manja mwa Noel Davey, iye ndi woimba Wayne Smith anapeza chigunda chija, n'kupita nacho kwa wojambula nyimbo King Jammy, yemwe anachichepetsa liwiro, ndipo mu 1985 kunatuluka Under Mi Sleng Teng. Kuchokera pamenepo rege ya ku Jamaica inatembenuka, anthu anaona kuti ukhoza kupanga nyimbo popanda kulipira bandi yonse, ndipo chigunda chimenechi chaimbidwapo nyimbo mazanamazana. Ife tokonda rege ndi dansiholo kuno tavina zidzukulu za kakiyibodi kameneka osadziwa. Nde munthu akati zosunga ndi zodula zokhazokha, Moog kapena Prophet, ine ndimakana. Chida chimalemekezeka chifukwa cha zomwe anthu anachita nacho, mtengo wake wa mu shopu ulibe kanthu.

Tsono zimafa bwanji zida zimenezi? Apa mpofunika kukhalitsa pang'ono chifukwa zambiri zomwe timati zafa zimakhala zangodwala.

Mdani woyamba ndi batire. Kiyibodi zambiri za m'ma 1980 zili ndi kabatire mkati kosunga masawundi chida chikazimitsidwa. Mu DX7 ndi kabatire kaphwatalala ngati ndalama yachitsulo, kowotcherera pa bodi, kakatha masawundi onse amafufutika, ukayatsa sikilini imalemba zosamveka ndipo makiyi amangotulutsa phokoso kapena zii. Anthu ambiri amataya kiyibodi pamenepa, chonsecho ndi nkhani yosintha batire n'kubwezeretsa masawundi kudzera pa MIDI. Zina n'zoopsa kuposa apo. Korg Polysix ili ndi batire yotchajika yomwe ikakalamba imatuluka madzi, madzi aja amayenda pa bodi n'kumadya timizere ta kopa pang'onopang'ono, kunja chida chikuwala bwinobwino, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Amene amadziwa, akangogula Polysix chinthu choyamba ndi kutsegula n'kuchotsa batire ija asanayatse n'komwe.

Achiwiri ndi ma kapasita, timigolo ting'onoting'ono tija timaima pa bodi. Ena mwa iwo ali ndi timadzi mkati tomwe timauma zaka zikamapita, kapena amatupa n'kutayikira, makamaka ku gawo lolandira magetsi komwe kumatentha. Akayamba kutha mumamva kulira kwa mmmm m'sipika, chuni kusakhazikika, chida kuzima chokha. Awa savuta, amapezeka, mmisiri wabwino wa mawayilesi ndi ma TV akhoza kusintha. Pomwe pamavuta ndi pa ma chipu opangidwira chida chimodzi chokha. Roland Juno-106 ya mu 1984 ili ndi mawu asanu ndi limodzi, liwu lililonse ndi chipu yake yolembedwa 80017A, yokutidwa ndi phula lakuda lolimba. Zaka zitapita phula lija linayamba kusokoneza magetsi mkati, nde umapeza noti iliyonse yachisanu ndi chimodzi sikulira kapena ikulira osasiya. Roland inasiya kalekale kupanga ma chipu amenewa. Anthu okonda chidachi sanagonje, ena anatulukira zoviika chipu ija m'mankhwala osungunula otchedwa acetone masiku angapo kuti phula lisendeke, ena anayamba kupanga ma chipu atsopano olowa m'malo. Ma chipu a Curtis omwe anali mu Prophet-5 ndi zida zina zambiri anasowa kwa zaka, amisiri ankachita kupha chida chimodzi kuti apulumutse china, mpaka mu 2016 pomwe imodzi mwa iwo, CEM3340, inayambanso kupangidwa.

Palinso zazing'ono zowawa. Pansi pa makiyi a kiyibodi zambiri pali timphira tokhala ndi kadontho kakuda, ngati ta mu rimoti ya TV, fumbi likalowa kiyi imasiya kulira kapena imangolira mokweza ngakhale uidine mofatsa, mankhwala ake ndi kupukuta basi. Ma Roland ena a kumayambiriro kwa ma 1990 ngati JD-800 anamata tizitsulo pansi pa makiyi ndi guluu wofiira yemwe kukatentha amasungunuka n'kumadontha mkati monse, taganizani chida chimenecho chili ku Nsanje mu October. Zina zinkasunga nyimbo pa ma fulopi disiki, ma disikiwo anachita nkhungu, makina owerengera anatha malamba, koma pano pali kachipangizo kolowa pamalo pomwepo kogwiritsa ntchito fulashi.

Ndiye pali zakwathu kuno zomwe mabuku a kunja satchula kawirikawiri. Kiyibodi zambiri zimabwera za kaunjika kapena zotumizidwa ndi abale, yochokera ku Japan imafuna mavoti 100, ya ku America 120, pomwe soketi yathu imatulutsa 230. Munthu mwachisangalalo amangosintha pulagi n'kulowetsa, kamodzi kokha, utsi, fungo, yapita. Adaputa yolakwika nayonso yapha zambiri, kungoti kamutu kakulowa sizikutanthauza kuti mavoti ndi mbali ya pulasi ndi mainasi zikugwirizana. Magetsi akazima n'kubwera mwamphamvu, kapena jenereta ya ku msonkhano wa chitsitsimutso ikamakwera n'kutsika, zida zakale sizipirira. Onjezani chinyontho cha dzinja, fumbi la chilimwe, mphemvu zokonda kufunda kwa tiransifoma, makoswe odya mawaya. Ogani ya Hammond, ija inayamba mu 1935, ili ndi nkhani yakeyake, mkati mwake muli timawilo tachitsulo 91 tozungulira pafupi ndi maginito, mota yake imatsatira kagundidwe ka magetsi a dziko, nde yopangidwira ku America komwe magetsi amagunda ka 60 pa sekondi ukaibweretsa kuno kwa ka 50 imaimba motsika chuni ngakhale utaipatsa mavoti oyenera. Imafunanso kuthiridwa oyilo chaka ndi chaka ngati makina osokera.

Wina afunsa kuti kuvutika konseku chifukwa chani, poti laputopu imodzi ili ndi masawundi onse. Yankho lina lili mu mbiri ya zida ziwiri za Roland. TR-808, makina a ng'oma a mu 1980, atatuluka anthu anawanyoza kuti samveka ngati ng'oma zenizeni, anapanga pafupifupi 12,000 n'kusiya mu 1983. TB-303 ya mu 1981 inapangidwa kuti izilowa m'malo mwa woimba bezi gitala, inalephera, inkagulitsidwa motchipa m'mashopu a zakale. Anyamata osauka a ku Chicago, Detroit ndi New York ndi amene anazitola chifukwa ndi zomwe akanakwanitsa, ndipo m'manja mwawo 808 inakhala msana wa hip hop pomwe 303 inabala acid house cha m'ma 1987. Lero mwana aliyense wopanga mabiti amati ndiikemo 808 osadziwa kuti linali bokosi lenileni lomwe anthu analikana. Mawu a akulu akoma akagonera, zida nazonso zimatero. DX7 itafika, anthu ankagulitsa ma Minimoog ndi ma Prophet pa mtengo wotaya poganiza kuti analogi yatha, zaka khumi zisanakwane anayamba kuzisakanso ndi ndalama zambiri. Palibe mbadwo umene umadziwa bwino kuti pa zinthu zake ndi chiti chidzafunike mawa.

Amene akusunga alipo, ndipo amasunga mosiyana. Ku Asheville ku North Carolina, komwe Moog anakhala zaka zake zomaliza, mwana wake Michelle Moog-Koussa amatsogolera Bob Moog Foundation, yomwe imasunga ena mwa mapepala ake, zojambula za mawaya, makalata ndi matepi, ndipo mu 2019 anatsegula kanyumba ka mbiri kotchedwa Moogseum komwe mlendo amaloledwa kugwira ndi kuimba. Ku Fribourg ku Switzerland kuli SMEM, mosungira zida za nyimbo zamagetsi zokwana zikwi zingapo, zambiri zinasonkhanitsidwa ndi munthu mmodzi, Klemens Niklaus Trenkle, kwa zaka zambirimbiri, ndipo ali ndi chipinda choti munthu amalowa n'kuimba zina mwa zidazo, kujambula kumene. Ku Calgary ku Canada, National Music Centre inatenga TONTO mu 2013, chisinthesaiza chachikulu chomwe Malcolm Cecil ndi Robert Margouleff anamanga polumikiza zida zambiri, chimene Stevie Wonder anajambulira zimbale zake za kumayambiriro kwa ma 1970, ndipo anachikonza mpaka kuyambanso kulira kuti oimba azichigwiritsa ntchito.

Pakati pa anthu amenewa pali mkangano weniweni. Ena amati chida chosowa chisakhudzidwe, chikhale momwe chinatulukira ku fakitale, chifukwa ukasintha ma kapasita onse, ma chipu, sikilini, makiyi, chotsalacho ndi chida chomwe chija kapena ndi china chovala malaya akale? Ena amati chida choimbira chikakhala chete kuseri kwa galasi ndi mtembo wokongoletsedwa. Ine ndili mbali yachiwiriyi ndipo sindibisa. Zamagetsi zimawonongeka msanga zikangokhala, masiwichi amachita dzimbiri, ma kapasita amafooka, pomwe chomwe chimayatsidwa kawirikawiri matenda ake amaoneka msanga. Komanso mbiri ya sinthesaiza ili m'khutu ndi m'zala, ungawerenge masamba zana za fyuluta ya Moog koma tsiku lomwe udzapotokole kanobu kaja wekha n'kumva bezi ikutseguka m'chifuwa ndi pomwe udzamvetse. Chomwe ndimagwirizana nawo a mbali yoyamba ndi choti ukasintha kanthu ulembe, ndipo chakale wachotsacho uchisunge mu kapepala momwemo, kuti wobwera pambuyo adziwe zomwe zinachitika.

Za makompyuta sindikuzinyoza ayi, nazonso ndi njira yosungira. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Dexed yomwe imawerenga mafayilo enieni a masawundi a DX7, moti sawundi yomwe munthu anapanga mu 1985 ukhoza kuitsegula lero pa laputopu ya ku sukulu. Anthu anajambula masamba a mabuku a amisiri a zida zakale n'kuwaika pa intaneti, ndipo mmisiri wa mu msika wa Limbe ali ndi foni akhoza kupeza chojambula cha mawaya onse a Juno. Makampani nawo anabwerera m'mbuyo, Korg inatulutsanso MS-20 ya mu 1978 mu 2013, Moog inapanganso Minimoog mu 2016, Dave Smith atabwezeredwa dzina la Sequential ndi a Yamaha anatulutsanso Prophet-5 mu 2020. Koma zonsezi zinatheka chifukwa zoyambirira zinalipo zamoyo zoti ayezerepo. Wolemba pulogalamu amaika chida chenicheni pa tebulo n'kumafananiza, chikasowa ndiye kuti tizingokopera kopi ya kopi.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'choti mbiri imeneyi imakambidwa ngati ya ku America, Japan ndi Ulaya kokha, pomwe Africa inaimba nazo zidazi mwa njira yakeyake. William Onyeabor ku Enugu ku Nigeria anali ndi situdiyo yake yodzaza masinthesaiza kuyambira kumapeto kwa ma 1970, dziko lonse linadzamudziwa mochedwa mu 2013 nyimbo zake zitatulutsidwanso. Francis Bebey wa ku Cameroon ankasakaniza makiyibodi amagetsi ndi sansi. Mamman Sani ku Niger ankaimba nyimbo za kwawo pa ogani yamagetsi. Kwathu kuno nyimbo za ku Balaka za m'ma 1990, za a Paul Banda, a Lucius Banda ndi Alleluya Band, mtima wake unali kiyibodi, ndipo gospel yathu yonse, makwaya a amayi, mabandi a pa ukwati, zakulira pa ma Yamaha PSR ndi ma Casio omwe munthu mmodzi amaimbapo ng'oma, bezi ndi malipenga nthawi imodzi. Kiyibodi yomwe inajambula chimbale chimene Malawi yense anavina ikuyenera kukhala ndi malo ku nyumba ya mbiri ku Chichiri monga momwe ng'oma ndi bangwe zilili ndi malo, pamodzi ndi dzina la amene ankaiimba.

Nde ngati muli nayo yakale kunyumba, ku tchalitchi, ku sukulu, choyamba musaiyatse mwachisawawa. Yang'anani kumbuyo kapena pansi pomwe analemba mavoti, ndipo ngati imagwiritsa ntchito mabatire a tochi tsegulani muchotse, amenewo akaola amadya zitsulo. Isakhale pansi pa simenti kapena kutsamira khoma lonyowa, igone chogona pa shelefu, yofundidwa nsalu osati pulasitiki yomanga chifukwa pulasitiki imasunga thukuta. Musaithire mafuta opopera aja a maloko ndi njinga m'manobu, amawononga. Mukapita nayo kwa mmisiri mupempheni kuti asadule kapena kutaya kanthu musanagwirizane, ndipo mufufuzireni limodzi buku lake pa intaneti pogwiritsa ntchito nambala ya chidacho. Ikakanika kukonzeka musaigulitse kwa ogula zitsulo, makiyi ake, manobu, ma chipu, zikhoza kudzutsa inzake ya mtundu womwewo. Ndipo ngati ikulirabe, jambulani masawundi ake ndi nyimbo zomwe zili mkati mwake lero lomwe, batire ija simudziwa tsiku lake.

Ya ku tchalitchi kwathu ija ndinaipempha kwa akuluampingo, anandipatsa mosavuta. Tinaitsegula ndi mmisiri wina wa mawayilesi, tinasesa zinyalala za mphemvu zodzaza dzanja, timphira ta pansi pa makiyi tinatitsuka, waya umodzi wa ku sipika unali utadyedwa ndi khoswe ndipo polowera adaputa panali patagwedera. Makiyi awiri omira aja anathyoka zogwirira ndipo tikusakabe ena. Koma itayaka, chigunda choyamba chomwe ndinadina chinali chija chinkayambira nyimbo ya chopereka Sabata lililonse. Sabata yotsatira ndinapita kwa bambo wina wachikulire yemwe ankaiimba masiku amenewo, nditanyamula kope ndi bolopeni, kuti andiuze inabwera chaka chanji, anaigula ndani, ndalama zake anasonkha bwanji. Anandiuza kuti amayi a chigwirizano anagulitsa mandasi ndi chimanga miyezi yambiri, ndipo tsiku lomwe inafika anaiyendera pa njinga kukaitenga ku siteji ya basi. Ndinalemba zonse, pepala lina ndinalimata mkati mwa chivindikiro cha pansi tisanamange masikuluwu.